Loweruka Limene Sikelo Inasesedwa

Lachezar Pandurov anafika pa fakitale yathu mu June atavala nsapato zoyera. Pabwalo pathu pamadutsa malole a mpendadzuwa, pansi pake ndi fumbi lokandidwa ndi mafuta, ndiye munthu akabwera ndi nsapato zoyera wakuuzani kale kuti sakudziwa kumene wabwera. Mwini wake wa fakitale, bai Stoimen (kwathu mwamuna wachikulire timam'lemekeza ndi "bai"), anam'tola ku msonkhano wina ku Varna, mzinda wa m'mbali mwa nyanja, kumene anam'mva akulankhula mphindi makumi anayi osapumira. Anam'patsa ofesi ya windo lalikulu, ndi udindo wautali moti wolemba chikwangwani cha pachitseko anachita kuuika m'mizere iwiri.

Ine ndine Zdravka Kolarova. Pa nthawiyo n'kuti nditayang'anira maseva a fakitaleyi zaka 19, m'kachipinda kakuseri kwa labu, ndipo mafuta anali asanalekepo kuyengedwa chifukwa cha ine ngakhale tsiku limodzi.

Sabata yake yachiwiri, Lachezar analowa m'kachipinda kanga osagogoda, n'kunena kuti akufuna kuona seva ya DNS. Ntchito ya seva imeneyi si yovuta kuifotokoza. Makina aliwonse a pa netiweki ali ndi dzina ndiponso nambala. Pulogalamu ikaitana dzina, sevayo imayankha kuti dzinalo lili pa nambala yakuti. Ndi kaundula chabe. Makompyuta a m'maofesi amadzilembetsa okha, ndipo akatero seva imadinda tsiku pa dzina lawo. Koma sikelo ya malole, mpiringidzo wa pachipata, makina oyezera chinyezi a mu labu ndi mapulinta sadziwa kudzilembetsa. Amenewo ndinawalemba ndekha pamanja, ndipo dzina lolembedwa pamanja silikhala ndi chidindo.

Lachezar anatsitsa mndandandawo ndi chala chimodzi, mlomo atausongola.

"Mayi Kolarova, ameneyu ndi kaundula kapena ndi manda?"

"Akugwira ntchito."

"Mayina 913. Makina muli nawo angati?"

"Mukawawerenga mundiuze, bambo Pandurov."

"Sakwana 150. Pali kabokosi kamodzi kokha kofunika kuchonga, seva n'kumasesa yokha mayina akufa. Ana a sukulu amadziwa zimenezi."

"Ndiye kaitaneni ana a sukuluwo."

Kabokosiko ndinkakadziwa iye akadali ndi mamina. Ukakachonga, dzina la chidindo limene lakhala masiku asanu ndi awiri, n'kuonjezanso ena asanu ndi awiri mwini wake osabwera kudzadzilembetsa, seva imalifufuta. Sindinakachonge zaka zonsezo chifukwa mnzanga wina wa ku kampani ya madzi anapsa nako, ndipo kuti ukachonge bwino umayenera kuyamba wayendera makina onse, limodzilimodzi, m'fakitale monse. Chaka chilichonse ndinkati ndichita tikatha kukolola. Izi sindinamuuze. Munthu wa nsapato zoyera sauzidwa zoterezi.

Kumapeto kwa August, kukolola kutangoyamba, anaitanitsa msonkhano wa akuluakulu onse. Anaonetsa kaundula wanga pakhoma, zilembo zazikulu ngati za pa basi, n'kuyamba kuwerenga mokweza. Munali laputopu imene inabedwa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Munali kompyuta ya malemu a Petko a ku sitolo ya zitsulo. Munalinso lina limene ndinalitcha "yakale-osakhudza", ndipo atafika pamenepo anaima kuti anthu aseke mokwanira. Anaseka ndithu, ngakhale amene sadziwa kuyatsa pulinta popanda ine.

Bai Stoimen anapukuta misozi n'kunena kuti, "Zdravka, m'patse makiyi mwamunayu atisesere."

Ndinam'patsa pasiwedi ya seva pakapepala, pamaso pa onse.

Lachiwiri anachonga kabokosi kake. Kenaka anazindikira kuti zinyalala zambiri zilibe chidindo, pakuti kale posamuka pa seva yakale ndinazikopera pamanja, ndiye wosesayo sakanazigwira. Munthu wanzeru akanabwera kudzafunsa. Iye anakatola pa intaneti lamulo la mzere umodzi lodinda tsiku pa mayina onse nthawi imodzi, n'kulithamangitsa.

Ndinaona Lachitatu m'mawa ndisanathe khofi wanga. Dzina la sikelo linali ndi chidindo. La mpiringidzo chimodzimodzi, la labu, la khomo lolowera pa netiweki kuchokera kunja, onse. Makina amenewa sakanabweranso kudzadzilembetsa, ndiye pakatha masiku 14 seva ikanawaona ngati akufa n'kuwasesera limodzi ndi kompyuta ya malemu a Petko. Ndinakopera kaundula yense pa kafulashi kamene kamalendewera ku makiyi anga, n'kunyamuka kuti ndikamuuze. Mulungu akudziwa kuti ndinanyamuka. Ndinakwera masitepe, n'kufika pa chitseko chake. Chinali chotseguka pang'ono, ndipo iye anali pa foni.

"Pali mayi wina wachikulire pano," ankatero, "amasunga seva ngati kabati ya apongozi ake, satayamo ngakhale chivindikiro. Ndipatse mpaka Khirisimasi, akhala akulima tomato kwawo."

Ndinatembenuka, n'kutsika masitepe aja mwakachetechete. Pa kalendala ya pakhoma ndinawerenga masiku 14, ndipo anathera Lachitatu la sabata yachiwiri. Ndinakonza zonse. Tsiku limenelo ndidzalawirira, ndidzakhala pampando wanga. Sikelo ikadzazima ndidzam'siya atuluke thukuta theka la ola, bai Stoimen akumuuzira mpweya m'khosi, kenaka ndidzatulutsa kafulashi. Theka la ola silipha munthu pa sikelo. Malole amadikira kuposa pamenepo Nevyana, kalaliki wa pa sikelo, akapita kukadya.

Sindibisa, masiku amenewo ndinanenepa ndi chimwemwe. Ndinkam'patsa moni Lachezar pa masitepe ndi mano onse. Kunyumba mwamuna wanga Ognyan anandipeza ndikulankhula ndekha ndikutsuka mbale, ndikuyeserera mawu odzanena tsikulo.

"Ukukangana ndi ndani?"

"Ndi munthu amene sakudziwa kuti waluza kale."

"Iwe ukamamwetulira chonchi ndimabisa mipeni," anatero, n'kubwerera ku mpira wake.

Loweruka, Lachitatu limenelo lisanafike, kunali ukwati wa mwana wa mchemwali wanga ku Shumen. Ndinapita mtima uli m'malo, pakuti masiku anga ndinali nditawawerenga bwino. Chimene sindinachite ndi kukayang'ananso pa seva. Ndinkati chitsiru chikalakwitsa kamodzi chimakhala pansi. Koma Lolemba lake Lachezar anaona kuti masiku 14 achuluka, chifukwa ankafuna manambala okaonetsa ku msonkhano wotsatira. Anadula masiku aja, asanu ndi awiri n'kukhala atatu, enawonso atatu. Loweruka m'mawa, ali m'nyumba mwake ku Varna, anauza seva kuti isese pompo. Mayina 913 anatsika n'kufika pa 118. Anajambula chithunzi, kutumizira bai Stoimen, n'kupita kukasambira.

Foni yanga inali m'chikwama, yotsekedwa pakamwa chifukwa cha tchalitchi. Ndinaitulutsa chakumasana, anthu atagwirana manja pabwalo akuvina horo, kuti ndijambule mkwatibwi. Nevyana anali ataimba maulendo 23.

"Achemwali, muli kuti?" anakuwa nditangom'bwezera. "Sikelo ikuonetsa kulemera koma tikiti sikutuluka. Mpiringidzo wakana kukwera. Ku labu akuti makina awo sakupeza kotumiza. Malole afika pa mphambano!"

"Zayamba liti?"

"Naini koloko. Bwana wanu wa nsapato uja akuti tizimitse n'kuyatsanso. Tazimitsa mpaka ketulo."

"Iyeyo ali kuti?"

"Akuti akulephera kulowa ali kunyumba, ndiye ali m'njira. Anayankha foni mafunde akumveka."

Anali atasesa ndi khomo limene analowerapo. Tsiku lina ndikanaseka mpaka kugwa.

"Lembani matikiti pamanja," ndinatero.

"Muwauze nokha bai Stoimen. Ali pano, afiira ngati tsabola."

Zimenezo ndinkadziwa kuti sizitheka. Chiyambire chaka chimene kalaliki wina anapimitsa lole imodzi katatu, bai Stoimen analumbira kuti pa sikelo yawo sipadzakhalanso cholembera.

"Achemwali," Nevyana anatsitsa mawu, "kumpoto kwada. Mvula ikubwera."

Ognyan anali atameza kale kachasu wa rakiya wokwanira anthu awiri, ndiye ndinam'landa makiyi a galimoto n'kumusiya m'gule. Mchemwali wanga anandithamangira mpaka pachipata.

"Ukuchoka keke asanadule? Chifukwa cha kompyuta?"

"Ndikufotokozera mawa."

"Usavutike. Maliro anga udzatumize imelo."

Kuchokera ku Shumen kukafika kwathu ndi maola awiri kukakhala kouma. Mvula inandichingamira ndisanafike theka la njira, yamphamvu moti zopukuta galasi zinkangogwedezeka pachabe. Ndinavula nsapato za ukwati n'kuyendetsa ndi mapazi. Njira yonse ndinkatukwana Lachezar, makolo ake, ndi amene anam'phunzitsa kuwerenga. Ndinkatukwana mokweza kuti ndisamve funso lina limene linali kumbuyo kwa mutu wanga.

Ndinafika itadutsa thu koloko. Mzere unayambira pa mphambano, malole oposa makumi anayi. A minda ikuluikulu anali ndi malona, madalaivala ali m'kati akusuta mwamtendere. Koma alimi ang'onoang'ono amabwera ndi thirakitala ndi ngolo zapululu, chifukwa kuchokera kumunda kufika pa sikelo ndi mphindi makumi awiri, ndipo m'mawa kunali dzuwa. Ndinadutsa amuna akuluakulu akufunditsa mbewu ndi mapulasitiki, matumba a feteleza, wina ndi jekete lake. Pafupi ndi chipata panali bai Remzi, mkulu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri amene wakhala akutigulitsa mpendadzuwa ine ndisanalembedwe ntchito. Iye sankafunditsa chilichonse. Anangoima pambali pa ngolo zake ziwiri, manja kumbuyo, madzi akuda akuchucha m'mphepete mwa matabwa. Anali wachitatu pa mzere kuyambira naini koloko.

M'kachipinda kanga ndinapeza Lachezar atakhala pampando wanga, tsitsi lidakali ndi mchenga. Anali atazimitsa ndi kuyatsa maseva katatu, ndipo tsopano ankayesa kulemba mayina kuchokera m'mutu, m'mutu mopanda kanthu mmenemo. Bai Stoimen anaima pakhomo.

"Zikuoneka kuti pali vuto la kalekale pa kamangidwe ka netiweki yonseyi," Lachezar anayamba.

"Chokanipo."

"Mayi Kolarova, ndikufufuza..."

"Ndati chokanipo, mukudonthetsera nyanja pa kiyibodi."

Anachoka. Ndinayamba n'kuletsa kusesa, ndinabaya kafulashi, n'kubwezera mayina onse olembedwa pamanja. Zinanditengera mphindi khumi ndi ziwiri. Pabwalo panamveka mpiringidzo ukukwera, kenaka thirakitala kulira. Mawu onse amene ndinayeserera pa mbale aja ndinali nawo pakamwa, okonzeka. Ndinatembenuka kuti ndiwalankhule, koma Lachezar sankayang'ana ine. Ankayang'ana pa sikirini.

"Fayiloyi inakopedwa Lachitatu la sabata yatha," anatero. "Eyiti koloko m'mawa."

Chitsiru, koma maso anali nawo.

"Ndimakopera nthawi zonse," ndinayankha.

"Pa makiyi anu? Tsiku lotsatira nditadinda?" Nkhope yake, imene inali yotuwa ngati ufa, inayamba kubwerera mwakale. "Munadziwa. Bai Stoimen, mayiwa anadziwa!"

Bai Stoimen anandiyang'ana kuyambira ku diresi la ukwati mpaka ku mapazi anga amatope, n'kutuluka kupita ku sikelo.

Lolemba anatiitana mmodzimmodzi. Lachezar anakhalamo mphindi khumi, n'kutuluka akukonza kolala. Ine nditalowa sanandipatse mpando.

"Uja ndi mbuli," anatero. "Ndinam'tola ndekha, ndiye manyazi ake ndi anga. Koma mbuli sidziwa chimene ikuchita. Iwe, Zdravka, unadziwa masiku khumi, n'kupita kukavina."

"Sizinayenera kuchitika Loweruka. Anadula masiku osandiuza."

"Zinayenera kuchitika liti?"

Pamenepo m'pamene ndinamva chimene ndanena.

"Lachitatu," ndinayankha.

"Lachitatu. Unasankhiratu tsiku lotseka sikelo yanga pakati pa kukolola. Ukanandiitana ndidzaonerere, ndikanabwera ndi mpando."

"Likanakhala theka la ola basi. Munamva zimene ankanena za ine? Inuyo munaseka nawo pa msonkhano paja."

"Ndinaseka chifukwa zinali zoseketsa. Kompyuta ya Petko! Munthu tinamuika m'manda zaka zinayi zapitazo." Anatsegula windo n'kuyatsa fodya. "Sindikuchotsa ntchito, chifukwa palibe wina wodziwa kumene zingwe zako zimapita, ndipo ndikuganiza kuti zimenezonso unachitira dala. Makiyi a seva abwerera kwa iwe. Kusesa kuja ukuchita iweyo, moyenera, kukolola kusanathe. Ndipo upite kwa Remzi. Labu yakana ngolo zake zonse ziwiri, chinyezi chapyola. Choumitsira chathu chadzaza mpaka sabata ya mawa, ndiye wabwerera nazo kwawo. Ukamuuze wekha chimene chinachitika."

"Nanga Pandurov?"

"Pandurov akulemba lipoti."

Analembadi, masamba khumi ndi anayi a zithunzi zamitundumitundu. Tsoka la Loweruka analitcha phunziro, ndipo dzina lake linapezeka pa chikuto pokha. Sanam'chotse. Anam'patsa ntchito yosankha pulogalamu yatsopano ya m'nkhokwe, imene akusankhabe mpaka lero.

Ine ndinayenda fakitale yonse masabata atatu ndi kope m'manja, kukwera pa nkhokwe, kukwawa pansi pa matebulo, kufufuza makina aliwonse. Olembedwa pamanja ndinawachotsa chidindo. Masiku ndinawabwezera pa asanu ndi awiri ndi asanu ndi awiri, n'kulola seva imodzi yokha kuti izisesa, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawerenga zimene yafufuta. Chondiwawa n'chakuti matenda ena amene ndinakhala nawo zaka zambiri anatha okha. Kale ndikafuna kulowa pa kompyuta ya kalaliki wa zonyamula kuti ndim'thandize, ndinkapezeka ndili pa ya munthu wina, chifukwa mayina awiri ankaloza nambala imodzi. Ndinkati ndi mmene makompyuta alili. Zinasiya kuchitika mayina akufa atachoka. Sindinauze aliyense.

Kwa bai Remzi ndinapita Lolemba lomwelo masana. Ndinawapeza m'khola lakale la ng'ombe kumapeto kwa mudzi, atayanika mpendadzuwa pa simenti kuchokera kukhomo mpaka kukhoma. Munkanunkha kale ngati m'chipinda chosatsegulidwa. Mbewu yonyowa ikaunjikana imatentha, ndipo ikachita nkhungu palibe fakitale imene ingaitenge. Iwo ndi akazi awo anali atatembenuza masiku awiri ndi mafosholo.

"Ndine Zdravka, wa makompyuta ku fakitale."

"Ndakudziwa. Unadutsa ndi diresi lobiriwira, wopanda nsapato."

Ndinafotokoza. Ndinayamba ndi Lachezar, ndipo pamenepo mawu ankatuluka bwino. Ndinanena za kaundula, za chidindo, za masiku amene anadula. Iwo anatsamira fosholo n'kumamvetsera. Nditafika pa za ine ndinafupikitsa, koma ndinanena.

"Tadikira," anatero. "Sikelo sinathyoke?"

"Ayi."

"Magetsi analipo?"

"Analipo."

"Ndiye chinasowa n'chiyani?"

"Dzina lake."

Bai Remzi anakuwira kumapeto kwa khola. "Fikriye! Tabwera udzamve. Akuti sikelo ija sinafe. Inangosowa dzina."

Mayiwo anabwera akupukuta manja pa epuloni. "Dzina lake si sikelo?"

"Ine ndimadziwa choncho. Koma awa anaphunzira. Kunali ophunzira awiri, wina anafufuta dzina, wina anali nalo m'thumba, ndipo ankadikirirana kuti aone wolira poyamba." Anatembenukira kwa ine. "Analira poyamba ndani?"

"Palibe."

"Ndimaganiza choncho."

Ndinati ndabwera kudzapepesa, ndipo ngati pali chimene ndingachite anene. Analowa m'kachisakasa n'kutulukamo ndi fosholo yachitatu, ya chigwiriro chomangidwa ndi waya.

"Yambira kukhoma uko, kumene kwafunda. Uzifika pansi penipeni, osangopalasa pamwamba."

Ndinatembenuza mpaka dzuwa linapendeka. Pofika folo koloko m'manja munali matuza, ndipo mayi Fikriye anandipatsa nsanza zokulunga. Chigawo cha kukhoma chinali chitayamba kale nkhungu. Chimenecho tinachikokera panja kuti chikhale cha nkhuku. Chotsalacho labu inachilandira Lachisanu, pa giredi yotsika.

Ndikunyamuka, bai Remzi anandiperekeza mpaka pa galimoto.

"Mawa ubwere seveni koloko," anatero. "Ubwere naye mnzakoyo. Fosholo ina ndikabwereka."

Lachezar ndinam'tumizira uthengawo pa imelo, mawu ake onse monga anawanenera. Anayankha kuti Lachiwiri ali ndi msonkhano ku Varna. Ndinapita ndekha.